Zipsera za pa phiko la sharuwa

Aphungu,

Atamandike Yesu Khristu. Ndikudziwa kuti makalata amene mumalandira ambiri ndi a mabanja ogwedezeka ndi apongozi ovuta. Yangayi ndi ya chitsulo ndi kompyuta, koma musaitaye msanga, chifukwa pansi pake pali lumbiro limene ndinachita, ndipo likundisowetsa mtendere mpaka m'tchalitchi. Maina a ena onse sindibisa popeza m'nkhaniyi mulibe woipa. Ngati alimo wopusa, ameneyo ndine.

Kwathu ndi ku Domwe koma ndimakhala ku Ulongwe, kumene ndimagwira ntchito mu ofisina yowotcherera zitsulo. Timapanga mageti, mawindo ndi ngolo. Sukulu ndinafika nayo desima segunda, kalasi yomaliza ya sekondale. Zaka zapitazi ndinaphunzira kujambula zitsulo pa kompyuta, ntchito imene amaitcha CAD. Anandiphunzitsa ndi a Gilda, enjenyera amene amachokera ku Tete kudzaphunzitsa amisiri kuno. Mayi ameneyu, Aphungu, Mulungu anamupatsa maso. Amangoyang'ana chojambula chako kamodzi, n'kuloza ndi cholembera pamene pali bodza, osakweza mawu n'komwe. Mageti ndi mawindo ndimajambula bwino ndithu, chifukwa mizere yake ndi yowongoka. Chandigwetsa ndi chinthu chokhota.

Amene anandiimira pa ubatizo, a padrinyu anga, anali malemu a Arcanjo, mmisiri wosula zitsulo amene anaphunzira ntchitoyo kumishoni ali mnyamata. Ankapanga sharuwa, khasu lokokedwa ndi ng'ombe lija anzathu a ku Dedza amati pulawo. Luso lawo lonse linali pa phiko, chitsulo chopotoka chimene chimatembenuza dothi. Ndikanakonda mukanaona sharuwa yawo ikulima katondo wonyowa wa kwathu. Dothi limakwera pa phikolo mosakakamizidwa, lifika pamwamba n'kutembenuka lokha, n'kugona chafufumimba udzu wonse uli pansi. Silimata. Sharuwa zambiri zogula m'sitolo umalima pang'ono n'kuimitsa ng'ombe kuti upale matope ndi kamtengo, dzuwa lisanakwere ng'ombe zatulutsa kale malilime. Ya a Arcanjo phiko lake limatuluka m'munda likung'anima ngati mbale yotsuka. Iwo ankakonda kunena kuti, "Ng'ombe siyankhula, koma mmisiri wabodza imamudziwa."

Sanasiye chojambula chilichonse. Zonse zinali m'maso ndi m'nyundo. Sharuwa zimene anasula zinatha, zina zinagulidwa n'kuwoloka malire, ndipo imene ikulimabe yatsala imodzi yokha, kwa akazi awo a Rufina. Tsono a asosiyasau, bungwe la alimi a kachewere kwathu, anandipempha kuti ndijambule phikolo pa kompyuta. Ku Tete kuli ofisina ina imene ili ndi makina odula ndi kupinda chitsulo, ndipo akuti tikawatumizira chojambula choonetsa thupi lonse la phikolo atipangira ambiri ofanana. Ndinavomera ndi chimwemwe. Ndinaona ngati Ambuye andipatsa njira yothokozera munthu amene anandinyamula kupita nane ku madzi a ubatizo.

Nditapita kukabwereka sharuwayo, a Rufina anayamba aipukuta kaye ndi chitenje, kenaka n'kuika chala pa chipsera china chachikulu, pamene chitsulo chinalowa mkati chapakati pa phiko. Anati, "Apa ndi pa mwala uja wa m'munda wa kudambo. Tsiku limenelo a padrinyu ako anatsala pang'ono kutukwana, anachita kudzigwira pakamwa. Chaka chilichonse ankangoti ndidzapawongola, ndidzapawongola, mpaka matenda anawapeza." Ndiye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tenga mwanawe. Koma mvula yobzalira ikagwa ndiipeze pakhomo pano, ine ndilibe ina. Ndipo ntchito ya amuna anga usakaiseweretse." Mtima wanga unadzaza. Pakhoma pawo pali chithunzi cha Mtima Woyera, ndipo ndinaloza chithunzicho n'kunena kuti, "Amayi, pamaso pa Mtima Woyera, pa zimene linapanga dzanja la a padrinyu sindichotsapo kanthu ngakhale kamodzi." Palibe anandikakamiza. Ndinalumbira ndekha.

Mmene ndinagwirira ntchito ndi motere. Ndinatenga waya wofewa, n'kumaugoneka mopingasa pa phikolo malo osiyanasiyana kuchokera kumphuno mpaka kumchira, ndikuusindikiza ndi chala kuti ulowe m'kadzenje kalikonse. Waya aliyense ndinamulemberera pa pepala, n'kujambula mapepalawo ndi telefoni, n'kuwalowetsa mu kompyuta. Mizere imeneyi ndi ngati nthiti za phiko. Mu pulogalamu muli mzere wokhota wotchedwa sipulaini: umaika timadontho, mzerewo n'kumadutsa mwa timadonthoto. Ine pokumbukira lumbiro langa ndinaika kadontho pa kachipsera kalikonse, pa kamzere kalikonse kamene mchenga unakanda, pena paliponse pamene waya anagwedera. Nthiti ina inalandira timadontho tambirimbiri moti mzere weniweniwo sunkaonekanso. Ndinkaika kadontho kalikonse mwaulemu, ngati ndikuwerenga korona.

Zotsatira zake ndi zochititsa manyazi. Ukaikuza nthiti iliyonse pa kompyuta imakhotakhota ngati njira ya chiswe. Nditauza pulogalamu kuti iyale khungu pamwamba pa nthitizo, khungulo linatuluka la makwinya, ndipo chakumchira linapotoka ngati nsalu imene munthu akuifinya pochapa. Ndinaganiza zoligawa pawiri, theka lakumphuno palokha, lakumchira palokha. Tsopano mbali ziwirizo zikukana kusokeka pamodzi, pulogalamu ikuti pakati pali mpata, pamene ine ndi maso anga sindikuuona. Ndikailamula kuti khungulo ilipatse kuchindikala kwa chitsulo, imaganiza nthawi yaitali kenaka n'kutulutsa mawu ofiira akuti yalephera. A ku Tete ndinawatumizira chomwecho kuti aone, anabweza ndi mawu aulemu akuti makina awo sangadule chinthu chosatsekeka.

A Gilda atabwera ndinawaonetsa. Anayang'ana, n'kuvula magalasi, n'kufunsa kuti, "A Tarsisio, mwajambulazi ndi phiko kapena msewu wa ku Domwe nthawi ya dzinja?" Anakhala pampando wanga n'kujambulanso nthiti imodzi ndi timadontho tochepa towerengeka pa dzanja limodzi. Kenaka anayatsa kachida kena kamene kamamera timizere pamsana pa mzere ngati mano a chipeso, kuonetsa mmene mzerewo ukukhotera. Pa nthiti yanga manowo analoza uku ndi uku ngati tsitsi la munthu wongodzuka kumene. Pa nthiti yawo anapendekera pamodzi bwinobwino ngati udzu wa kudambo mphepo ikamaomba. Aphungu, chinali chinthu chokongola. Ndinauona mzere uja ndipo mumtima ndinati, ameneyu ndi mzere wolima. Iwo anati, "Mzere wabwino sufuna mabwana ambiri. Mukauchulukitsira timadontho mumaukakamiza kugwadira aliyense. Chotsani, musiye tokhato timene mzere sungaime popanda ito."

Ndinayankha kuti ndiyesa. Koma atangokwera shapa, minibasi yathu ija, kubwerera ku Tete, ndinatseka kompyuta osasunga mzere wawo uja. Izi ndikuulula kwa inu, iwo sakudziwa. Ndinachita mantha chifukwa mzere wawo, ngakhale unali wokongola, unadutsa pamwamba pa chipsera chachikulu chija ngati palibepo kanthu. Ndinati ndikatsata njira imeneyi ndiye kuti ndafufuta a padrinyu ndi dzanja langa, ine mwana wawo wa ubatizo, nditalumbira pamaso pa Mtima Woyera ndi pamaso pa mkazi wamasiye.

Panopa ndangoima pakati. Chizimalupsa chagwa kale, anthu akukonza magoli, ndipo sharuwa ya a Rufina idakali mu ofisina mwathu. Sindinaibweze chifukwa ndimangobwerera kukayezanso, ndipo ndikayezanso ndimawonjezera timadontho tina. A asosiyasau akandiona pamsika amafunsa kuti zafika pati. Pa Misa, mmalo momvera ulaliki, ndimapezeka ndikuyang'ana kukhota kwa pamwamba pa mawindo ndikuwerenga kuti pangafunike timadontho tingati. Mkazi wanga Emilia akuti, "Anzanga amadandaula za mowa ndi zibwenzi. Ine mkazi mnzanga ndi phiko la sharuwa." Kwa a padiri sindinapite, chifukwa sindikudziwa kuti nkhaniyi ndikailape pansi pa lamulo liti.

Ndithandizeni. Kodi ilipo njira yoti khunguli lisalale ndi kutsekeka popanda kuchotsa timadontho? Ngati palibe, kodi munthu angaphwanye lumbiro lotere osachimwa? Kapena ndingobweza sharuwayo n'kuuza anthu kuti ntchitoyi yandikanika, luso la a Arcanjo lithere pa chitsulo chimodzichi?

Ndine wanu wosowa mtendere,
T.C., Ulongwe

*

A T.C.,

Atamandike nthawi zonse. Mwasaina ndi malembo awiri, koma dzina lanu a Gilda aliulula kale pakati pa kalata, choncho ndingokutchulani a Tarsisio.

Kalata yanu ndaiwerenga mokondwa. Anthu ambiri amandilembera chifukwa chonyoza akuluakulu awo. Inu mwadzimanga miyendo chifukwa chowalemekeza, ndipo matenda amenewa ndi abwino kuchiza. A padrinyu anu anali mmisiri weniweni. Kupinda chitsulo ndi nyundo ndi maso okha mpaka katondo wonyowa n'kumatsetsereka osamata si masewera. A Gilda nawonso ndi mphunzitsi wofunika kumugwiritsa ndi manja awiri. Muli ndi mwayi wokhala pakati pa anthu awiri oterewa, ndipo musaganize kuti akukokerani kosiyana. Onse akufuna mzere umodzimodzi.

Funso lanu loyamba yankho lake ndi ayi. Ine za CAD si zanga, ndiye ndinatengera kalata yanu kwa mlamu wanga a Alcides, amene amadya za kujambula zida za makina. Anaseka mpaka kupukuta misozi, kenaka anati nawonso anayamba choncho. Akuti njira yosalazira khungu mutasunga timadontho tonseto kulibe. Mzere mwaulamula kudutsa pa kadzenje kalikonse, ndipo ukukumverani. Makwinya mukuwaonawo ndi kumvera kwake.

Tsono za lumbiro. Werenganinso kalata yanu, pamene a Rufina anaika chala pa chipsera chija. Yankho anakupatsani tsiku lomwelo, inu simunalimve chifukwa mtima unali utadzaza. Chipsera chimenecho sichinapangidwe ndi a Arcanjo. Chinapangidwa ndi mwala wa kudambo, ndipo mwini wake chinkamunyansa chaka ndi chaka. Timizere ta mchenga nato si tawo. Kugwedera kwa waya ndi kwa chala chanu. Munalumbira kusunga zimene linapanga dzanja la a padrinyu, koma mwakhala mukusunga ntchito ya mwala, ya mchenga ndi ya dzimbiri. Dzanja lawo lili m'kupotoka kosalala kuja kumene kumagoneka dothi chafufumimba. Mukatumiza ku Tete chojambula cha timadontho tonse, makina akakhala kuti achilandira, alimi onse a asosiyasau adzalandira mapiko okhala ndi chipsera cha mwala umodzi wa m'munda wa a Rufina, dothi lizikamata pomwepo, anthu n'kumati ndiye sharuwa ya a Arcanjo imeneyi. Kuseweretsa ntchito yawo kumene anakuletsani amayi aja ndi kumeneko.

Chitani izi. Chojambula chanu cha timadontho musachifufute. Chisungeni pa dzina lina, chikhale mboni ya mmene chitsulocho chilili lero, ndipo muzichiyatsa pansi ngati mthunzi woti muzitsatira. Pamwamba pake jambulaninso nthiti iliyonse. Yambani ndi kadontho kumayambiriro, kena kumapeto, kamodzi kapena tiwiri pakati. Musawonjezere kena mpaka mzere utakana ndithu kutsata mthunziwo pokoka tomwe tilipoto. Pa chipsera mzere uzidutsa pamwamba, monga anachitira a Gilda. Chipeso chija chikhale choyaka nthawi yonse. Mano ake akadumphira mbali ina mwadzidzidzi, kapena dzino limodzi likatalika lokha, pamenepo pali kadontho kosafunika kapena kokhala posayenera.

Za kupotoka ngati nsalu yofinya, a Alcides akuti n'kutheka kuti nthiti zina munazijambula kuyambira pamwamba kutsika, zina kuyambira pansi kukwera. Pulogalamu imalumikiza chiyambi ndi chiyambi, mapeto ndi mapeto, ndiye nthiti imodzi ikatembenuka khungu limapotoka. Zonse ziyambire mbali imodzi, ndipo ngati n'kotheka zikhale ndi timadontho tofanana kuchuluka. Mujambulenso mizere iwiri yotsogolera, wina m'mphepete mwa pamwamba, wina m'mphepete mwa pansi. Mizere imeneyi igwire nsonga ya nthiti iliyonse kwenikweni, pulogalamu ichite kukuonetsani kuti yagwira. Kuyandikira kokha sikukwana. Mpata umene maso anu sakuuona kompyuta imauona, ndipo mwina ndi umenewo ukuletsa mbali zanu ziwiri kusokeka.

Koma mbali ziwirizo zisiyeni. Yalani khungu limodzi kuchokera kumphuno mpaka kumchira, likule kupitirira phiko pang'ono, kenaka mulidule m'mphepete potsata maonekedwe a phikolo, monga telala amayala nsalu yaikulu asanadule. Mukatero yatsani chida chimene chimavala khungu mizere yakuda ndi yoyera ngati ya mbidzi. Mizereyo ikamayenda osathyoka, khungu lasalala. Pamenepo m'pamene muuze pulogalamu za kuchindikala. Inkakana chifukwa timakwinya tanu tinali tothina kuposa kuchindikala kwa chitsulocho, moti mbali yamkati inkadzipyoza yokha. Makwinya akachoka idzavomera.

Musakhulupirire kompyuta yokha. Sindikizani nthiti zatsopanozo pa pepala pa msinkhu wake weniweni, muzimate pa katoni, mudule, mukazigoneke pa phiko lenilenilo. Zikhale bwino ponseponse, kuwala kuzioneka pa zipsera pokha. Pakaoneka mpata pamalo posalala, konzani mzere wanu, chifukwa pamenepo ndi pa dzanja la a padrinyu ndipo ndi pomwe lumbiro lanu likugwira ntchito. Kumbukiraninso kuti chitsulo cholima zaka zambiri chimadyeka. Funsani a Rufina ndi alimi akale amene anaigwirapo sharuwayo kuti m'mphepete mwake munkafika pati ili yatsopano.

A Gilda aimbireni telefoni muwauze zimene munachita ndi mzere wawo, ndi chifukwa chake. Sadzakudyani. Mphunzitsi amathandiza bwino akadziwa chimene chikumugwira wophunzira mwendo. Kwa a padiri pitani ngati mtima ukufunabe, koma ndikukayika ngati akakupezereni lamulo limene mwaphwanya, kupatula la kuwerenga mawindo nthawi ya ulaliki.

Chenjezo langa lili pawiri. Loyamba, musasalaze mpaka kupha kupotoka kwenikweniko pofuna kuti chipeso chioneke bwino, ndipo musalole a ku Tete apange mapiko ambiri nthawi imodzi. Apange limodzi, mulimange pa sharuwa, mukaliyese m'katondo wonyowa ndi ng'ombe zomwe zija siziyankhula. Zikavomera izo, ena apangidwe. Lachiwiri ndi lofulumira kuposa zonse. Pa malonjezo anu, limene lili pangozi lero ndi lobweza sharuwa mvula isanagwe. Mkazi wamasiye wopanda sharuwa ina sangadye timadontho. Dulani makatoni anu, yezani komaliza, sharuwayo ikwere ngolo sabata ino.

Mukakafika, musangoitula n'kubwerera. Khalani pansi pa chithunzi chomwe chija, muwaonetse amayiwo zojambula zonse ziwiri, cha zipsera ndi chosalala, muwafunse kuti phiko limene amuna awo anatulutsa pamoto tsiku loyamba ndi liti. Ndikudziwa chimene adzaloze. A Arcanjo anapita akunena kuti adzapawongola. Pawongoleni inuyo, mwana wawo wa ubatizo.

Aphungu